Matuza a Nduna Mtambalika

Ku Tokhatokha, ufumu umene anthu ake amakhulupirira kuti dzuwa limatulukira iwo ndipo mayiko ena amangoothera zotsala, kudali mpando wotchedwa Unduna wa Zakunja. Lero kulibe. Ana a sukulu akafunsa kuti udapita kuti, aphunzitsi amayang'ana pawindo n'kunena kuti nthawi yatha.

Mpandowo udayamba ndi maliro. Mwambo wa ku Tokhatokha umati mwana sakumba manda a kholo lake. Tsono poti mfumu ndi abale ake ndi makolo a dziko lonse, palibe munthu wa m'dzikomo amene amaloledwa kugwira khasu wina wa kubanja lachifumu akatsikira kulichete. Adzukulu, anthu okumba manda aja, ankachokera kutsidya kwa mtsinje wa Ndiwoloke, ku ufumu wa Mudzatifuna. Nawonso a ku Mudzatifuna zikawaonekera, a ku Tokhatokha ankawoloka ndi makasu awo. Choncho padafunika munthu woyenda pakati pa maufumu awiriwo, wonyamula uthenga wa zovuta, wotsogolera okumba, woonetsetsa kuti ngakhale mbali ziwirizi zitukwanizane bwanji, zisafike poleka kuikana. Munthuyo ankangomutchula kuti Wakhasu. Adalibe ofesi, adali ndi khasu ndi miyendo yolimba basi.

Koma mpando uli ngati dzungu, ukaupatsa malo umayanga. Mfumu ina idaona kuti munthu mmodzi wachepa, idaika awiri, Wakhasu wa Kumtunda ndi Wakhasu wa Kunsi. Awiriwo adatha zaka akulimbirana doko lapakati, mpaka tsiku lina mlongo wake wa mfumu adatsala pang'ono kuikidwa ndi afisi poti aliyense ankati uthenga ukaperekedwe ndi mnzake. Mfumu yotsatira idawaphatikiza n'kuwatcha Nduna ya Zakunja, chifukwa dzina loti Wakhasu linkanunkha thukuta. Pambuyo pake ufumuwo udalanda tizilumba tiwiri tamchenga pamtsinjepo n'kukhazikitsa Unduna wa Madera Olandidwa. Tizilumbato tidakokoloka ndi mvula ya chaka chomwecho, koma undunawo sudakokoloke nawo. Adangouthira mu Unduna wa Zakunja pamodzi ndi alembi ake onse, ndipo dzina lidatalika, kukhala Nduna ya Zakunja, Zilumba Zomira ndi Ubale wa Mayiko Akutali. Khasu lija adalipaka utoto wagolide n'kulitsekera m'kabati yagalasi.

Womaliza kukhala pampandowo adali Alufeyo Mtambalika, bambo wamimba yoonetsa kuti dziko likuyenda bwino. Mtambalika adayenda. Adafika kumayiko kumene madzi amauma ngati mwala, n'kumanga ubale wosatha ndi mafuko amene iye mwini ankalephera kutchula maina awo. Ntchito yake ankaidziwa: kukachitika chinthu kunja, iye ankadzudzula mwamphamvu, ndipo chikakhala chachikulu kwambiri ankachitsatira mwachidwi. Kumene sadapondeko ndi ku Mudzatifuna kokha, ngakhale madenga ake ankaoneka bwinobwino pawindo la ofesi yake. Kufupi kulibe ndege, ndipo nduna yoyenda pansi ndi nduna yanji?

Komabe tisamunamizire, munthuyu adali ndi mtima. Pakhoma la ofesi yake padali zithunzi za onse amene adakhalapo pampandowo, ndevu zawo zikufupika m'badwo ndi m'badwo, ndipo kumapeto kwa mzerewo kudali chithunzi chake. M'mawa uliwonse ankayang'ana malo opanda kanthu amene adali pambali pa chithunzicho. Mantha ake onse adali pamenepo. Sankaopa imfa, sankaopa mkazi wake kwenikweni, koma ankaopa kuti mpando wa makolo udzafere m'manja mwake, iye n'kudzakhala munthu amene adatseka chitseko.

Chaka china malume a mfumu ya ku Mudzatifuna adamwalira. Uthenga udampeza Mtambalika akulongedza masuti opita kumsonkhano wa zamtendere kutsidya kwa nyanja zazikulu. Adaganiza mwachitukuko. M'malo motsogolera anthu ndi makasu, adalamula kuti katapila azungulire njira yakutali yakumtunda akakumbe mandawo, ndipo pamwamba pa katapilayo adamangirirapo nkhata yamaluwa. Makinawo adafika anamfedwa ali mkati molira, adalilima, adazula mtengo umene udali pamanda a agogo a mfumu yakumeneko, n'kukumba dzenje loti mungalowe ng'ombe khumi. A ku Mudzatifuna adangoika malume awo, adathokoza dalaivala, adampatsa madzi akumwa. Wailesi ya ku Tokhatokha idalengeza kuti ubale wa mayiko awiriwa wafika pa mlingo wina.

Pa nthawiyo pampando wachifumu padali Salakwa Wachitatu, mfumu imene idaletsa mawu oti pepani m'nyumba yake, ndipo idakhazikitsa lamulo loti munthu wa ku Tokhatokha sapempha kanthu kwa mlendo, ngakhale moto. Tsiku lina pabwalo la nduna, mfumuyo idayang'ana Mtambalika kwa nthawi yaitali ngati munthu amene wapeza mbuzi yachilendo m'khola mwake.

"A Mtambalika, dziko lino dzina lake ndani?"

"Tokhatokha, Chalo."

"Nanga inu mumayang'ana kunja kufuna chiyani? Mwataya chiyani kumeneko?"

Nduna zonse zidaseka, poti mfumu ikafunsa funso lotere ndiye kuti yanena nthabwala. Mtambalika nayenso adaseka. Mfumu idati mwezi ukatha unduna wakewo udzalowa pansi pa Unduna wa Nkhuku ndi Zikondwerero, ndipo mlembi akonze chikalata.

Mwezi sudathe. Mayi ake a mfumu, amene adali atadwala nthawi yaitali, adatisiya pakati pa chilimwe, dzuwa likuswa mtengo. Adawagoneka m'nyumba ya chisoni yozizira, koma magetsi a ku Tokhatokha amabwera ngati mlendo wodutsa, osakhalitsa. Akuluakulu adanong'onezana, kenaka adakankhira kutsogolo wamkulu kuposa onse kuti akakumbutse mfumu za mwambo. Mfumu idati asilikali akumbe. Asilikali, amene sadakanepo lamulo chibadwire, adagwada n'kunena kuti bola awombedwe kusiyana ndi kukumbira mayi wawo. Idati akaidi akumbe. Akaidi adati iwonso ndi ana a mfumu, kungoti ndi ana osamvera.

Pamenepo m'pamene Salakwa adaitanitsa Mtambalika. Maso a mfumu adali ofiira, ndipo kwa kanthawi idaoneka ngati munthu wamba amene mayi ake amwalira.

"Pitani kutsidya. Mukabwera ndi adzukulu, mpando ndi wanu ndi adzukulu anu omwe. Mukabwera chimanjamanja, musadzafikenso pano. Koma mumve bwino, Tokhatokha sapempha."

"Zamveka, Chalo," adatero Mtambalika, ngakhale sadamve kuti munthu angakatenge bwanji anthu amene adawanyoza popanda kuwapempha.

Adatsegula kabati yagalasi, natulutsa khasu lagolide lija, nakwera galimoto yake yambendera. Galimotoyo idathera pamsika wa Ndamvakale, pamene payenera kukhala mlatho. Mlathowo udatsegulidwa kangapo ndi mafumu osiyanasiyana, maliboni adadulidwa, magule adavinidwa, chotsala ndi kuumanga basi. Ndunayo idatsika, suti yakuda, khasu paphewa, n'kuyamba kudutsa pakati pa mabenchi kulowera kudoko.

"Taonani, amayi, boma layamba ulimi," adatero Nangozo, mayi wogulitsa tomato amene pakamwa pake pankaopedwa ndi apolisi omwe. "Mwadzuka bwanji, a Nduna? Lero ndege yatha mafuta?"

"Ndili pa ntchito ya boma, mayi."

"Ee, tamva. Koma bwanji osaitanitsa abwenzi anu akutali aja? Aja mumajambulitsa nawo. Sangabwere kudzatikumbirako?"

"Adatumiza mauthenga achipepeso," adayankha Mtambalika mosayang'ana kumbuyo.

"Ndiye zili bwino," adatero Nangozo akupanga mulu wa tomato. "Mukawafotsere ndi mauthengawo."

Msika wonse udaseka chapansipansi, mwaulemu, monga amasekera anthu amene ali pa maliro a boma. Mtambalika adalowa m'bwato. Manyazi adamugwira, koma choposa manyazi chidali chithunzi chija chapakhoma ndi malo opanda kanthu pambali pake.

Kutsidya adamulandira bwino kwambiri moti adachita mantha. Kunyumba ya mfumu adamuuza kuti mfumu ili kumunda. Atafunsa kuti ibwera liti, adati ikakolola. Nkhani za manda, iwo adati, ndi za a Kanyemba, mkulu wa adzukulu, ndipo a Kanyembawo ali kumanda poti kwamwalira mkulu wina wokhoma zidebe. Adamulozera njira yodutsa m'tchire louma.

Kanyemba adali munthu wamfupi, wowuma ngati chikuni, mutu wokha ukuonekera m'dzenje. Anzake adakhala pamilu ya dothi kudikira kulandirana. Mtambalika adaima pamphepete, adakonza tayi, nayamba monga ankayambira m'misonkhano ikuluikulu.

"M'malo mwa Mwini dziko Salakwa Wachitatu, boma ndi anthu a ku Tokhatokha, komanso m'malo mwa ine mwini..."

"Bwana," adamudula Kanyemba osakweza mutu, "ife kuno makutu athu ali pansi. Mawu ochokera pamwamba pa dzenje sitimawamva. Tsikani."

Mtambalika sadali mbuli. Adakulira kumudzi, ndipo adadziwa bwino lomwe chimene ankamuuza. Adayang'ana uku ndi uku ngati pali mtolankhani, adavula jekete n'kulipachika pamtengo, natsetserekera m'dzenje ndi khasu lake lagolide. Adalikweza m'mwamba mwaulemu wonse, nalitsitsa. Mpini, umene udali utafumbwa mkati kuyambira nthawi ya agogo ake a Salakwa, udathyoka pakati, ufa wake n'kumuthira m'maso. Adzukulu adagwa nacho chikhakhali mpaka mmodzi adagubudukira kuseri kwa mulu.

"Limenelo ndi la pa chithunzi," adatero Kanyemba akutuluka m'dzenjemo. "Gwirani ili."

Dothi la chilimwe silidziwa udindo wa munthu. Mtambalika adatema koyamba, khasu lidadumpha ngati lamenya chitsulo. Adatemanso. Thukuta lidatsika, malaya oyera adasanduka ofiira, tayi adaivula yekha popanda womuuza. Manja amene kwa zaka zambiri ankangogwira cholembera ndi manja a nduna zinzake adayamba kutentha, kenaka adatupa, kenaka adatuluka matuza akuluakulu ngati nthudza. Atati apumeko, adzukulu adayamba kufunsana mokweza ngati ku Tokhatokha kudakali katapila woti adzamalize. Iye adatolanso khasu.

Ali wefuwefu chomwecho, m'dzenje la munthu amene sadamuonepo, adanena uthenga wake. Sadaunene m'malo mwa aliyense.

"Akuluakulu, kwathu kwagwa zovuta. Mayi athu agona, ndipo tilibe wotiikira. Zija za katapila ndidalakwa ndine. Chonde, ndapota nanu."

Adzukulu adayang'anana. Mawu amenewo sadamvekepo kuchokera pakamwa pa munthu wa ku Tokhatokha kwa zaka zambiri, moti ena adaganiza kuti ndi chilankhulo china. Kanyemba adatambasula dzanja, namukoka kumutulutsa m'dzenje.

"Maliro n'kulirana, achimwene. Mukadabwera chonchi tsiku lija, bwenzi lero mutangotuma mwana. Tiyeni tiike mkuluyu, tiwoloke."

Adamupatsa ntchafu ya nkhuku yowotcha ya adzukulu, naidya ali chikhalire padothi. Chimene chidamudabwitsa n'chakuti adali wokondwa. Sadakumbuke tsiku lina limene anthu adamuseka iye n'kumasekera nawo limodzi.

Chimwemwecho chidatha bwato litafika pakati pa mtsinje. Adayang'ana m'manja mwake, nakumbukira lamulo. Nduna ya Salakwa yagwada, yapempha, yanena kuti ndidalakwa, ndiponso yakumbira wokhoma zidebe wa dziko lina. Atangotsika padoko adathamangira m'galimoto, adavala suti ina imene inkakhalamo nthawi zonse kudikira ulendo wadzidzidzi, navala magolovesi oyera a pa zochitika za boma. Akutuluka adali nduna kachiwiri. Adatsogolera adzukulu kudutsa pamsika, chifuwa patsogolo, ndipo ngakhale Nangozo adaimirira.

"Koma abale, lero boma lagwira ntchito," adatero mayiyo. "Mvula igwa."

Kumanda achifumu adzukulu adakumba tsiku lonse akuimba, akugwira nkhuku za kunyumba ya mfumu monga mwambo umawalolera, ndipo m'mawa mwake dziko lonse lidasonkhana. Bokosi lidatsika bwino. Amayi adalira, kwaya idaimba, nduna zidaika nkhata motsatana ndi kukula kwa mimba zawo. Dothi litaunjikidwa, Salakwa adaimirira kuti alankhule. Chisoni chidali chitayamba kuphwa, ufumu n'kubwerera m'malo mwake.

"A Mtambalika, bwerani kutsogolo kuno. Uzani mtundu wanga. Adzukulu awa mudakawapempha?"

Funso lija lidagwa ngati mwala m'chitsime. Mtambalika adaona asilikali, adaona nduna zinzake zikumwetulira monga amachitira anthu amene akudikira kuti mnzawo aterereke. Adaonanso Kanyemba atatsamira khasu kumbuyo kwa gulu. Zaka zonse za m'nyumba ya mfumu zidamuphunzitsa yankho limodzi lokha, ndipo lilime lake lidalipeza lokha iye asadaganize.

"Kupempha, Chalo? Ayi ndithu. Ine sindidatsegule n'komwe pakamwa. Atangomva dzina lanu adanyamuka okha, ena mpaka kuiwala nsapato. Dzina lanu ndilo lidawakoka, Chalo."

Nthungululu zidamveka. Nkhope ya mfumu idawala, ndipo mtima wa Mtambalika udakhala pansi. Adayamba kale kuganiza za munthu amene adzapachikidwe pambali pake pakhoma lija.

"Mwamva nokha," idatero mfumu itatambasula manja. "Mwamva kuchokera kwa mwini ntchito. Sadatsegule pakamwa. Sadachite kanthu. Dzina langa lidawoloka mtsinje lokha, popanda galimoto, popanda mbendera, popanda alembi. Tsono ndikufunseni, ana anga, ngati dzina langa limagwira lokha ntchito imeneyi, nduna tikuisungiranji? Ndidati ndiuike undunawu pansi pa Nkhuku ndi Zikondwerero, koma ndaona kuti kungakhale kuzunza nkhuku. Kuyambira lero, pamaso pa mayi anga, Unduna wa Zakunja, Zilumba Zomira ndi Ubale wa Mayiko Akutali watha. A Mtambalika, tikuthokozani chifukwa cha kuona mtima kwanu."

Mtambalika adatsegula pakamwa. Umboni adali nawo, udali m'magolovesi, ukumuwawa ngati moto. Akadangovula chabe n'kukweza manja, dziko lonse likadaona chimene chidawolotsa adzukulu. Koma kutero kukadakhala kunena kuti adanamiza mfumu pamanda a mayi ake, kuti adathyola lamulo, ndiponso choopsa kuposa zonse, kuti dzina la Salakwa palokha silingasunthe ngakhale nkhuku. Adatseka pakamwa. Zidamupweteka kwambiri, chifukwa kadali koyamba m'moyo wake kugwiradi ntchito ya mpandowo, ndipo ntchitoyo ndi imene sakadatha kuitchula.

Lamulo la ku Tokhatokha limati mfumu ikalengeza chinthu, anthu aombe m'manja mpaka itakhala pansi. Tsikulo Salakwa sadafulumire kukhala. Mtambalika, ali kutsogolo kwa onse, adaomba. Thuza loyamba lidaphulika, lachiwiri lidatsatira, magolovesi oyera adayamba kunyowa n'kusintha mtundu, iye akuombabe, misozi ili chuchuchu. Nduna ya Nkhuku idanong'oneza mnzake kuti sidaonepo munthu wokonda mayi a mfumu ngati ameneyu.

Anthu atayamba kubalalika, adzukulu adanyamula makasu awo kulowera kudoko. Kanyemba adatsalira pang'ono. Adafika pamene padaima Mtambalika, amene tsopano adali yekha poti dalaivala wake adali atachotsa kale mbendera n'kupita ndi galimoto. Mkuluyo adayang'ana magolovesi aja, napukusa mutu, osati mokwiya.

"Mumakumba bwino, achimwene. Kungoti pakamwa panu pamafotsera msanga."

"A Kanyemba, mundimvetse. Pamaso pa mfumu..."

"Tamva, tamva. Tidabwera tokha, opanda nsapato." Kanyemba adaika khasu paphewa, nayang'ana kumene Salakwa ankakwera galimoto, asilikali atamutchingira dzuwa ndi maambulera. "Koma mukawauze akuluakulu anu. Tsiku la bamboyo likadzafika, wina asadzavutike kuwoloka. Dzina lake lomwelo lidzakumbe."